Maso ouma koma misozi ili chuchuchu, zikutheka bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine maso anga amangotuluka misozi chonsecho sindikulira ayi, makamaka ndikakhalitsa pa kompyuta kapena kukamawomba mphepo. Nditapita kuchipatala adokotala akuti maso anga ndi ouma. Ouma bwanji poti misozi ikungochucha? Kapena sanandimvetse?

YANKHO: Anakumvetsani bwinobwino, ndipo zimenezi zimachitikadi. Ambirife timaganiza kuti misozi imabwera pokhapokha tikamalira, koma diso limakhala ndi misozi tsiku lonse, mukangophethira chikope chimayala ina yatsopano pamwamba pake. Ndipotu si madzi amchere okha. Pansi penipeni pali kamamina komatirira ku diso, pakati pali madzi ochokera ku kachiwalo kobisala kunsi kwa nsidze chakumbali, kenako pamwamba pali mafuta ochokera ku tiziwalo ta m'mphepete mwa zikope. Mafutawa ndi amene amaletsa madzi aja kuuma msanga.

Ndiye mafuta akachepa kapena timabowo take tikatsekeka diso limauma, limayamba kuwawa ngati mwalowa mchenga, ubongo nkumva kuti kwavuta nkulamula kachiwalo kaja kuti katulutse madzi ambirimbiri, ndi amene mukuwaona akutsika m'masayawo, koma poti mafuta ndi osakwanira sakhalitsa, pakangopita kanthawi diso laumanso. Pa kompyuta ndi pafoni zimanyanya chifukwa munthu ukayang'anitsitsa umaiwala kuphethira.

Misoziyi musaione choncho, ndi chitetezonso. Muli lysozyme, amene amaphwanya khungu la mabakiteriya ena, ndipo anamutulukira ndi Alexander Fleming mu 1922, yemweyo wa penicillin uja.

Palinso china choti adokotala amaso angayang'ane. Pakona ya diso chakumphuno pali timabowo tiwiri, kena pa chikope chapamwamba kena chapansi, tomwe timatenga misozi nkuitsitsira m'mphuno, nchifukwa chake ukalira kwambiri mamina nawo sachedwa. Kanjira kameneka kakatsekeka misozi imasowa kolowera, imangosefukira.

Pakadali pano muziphethira dala mukakhala pa sikirini, muzipumulako pafupipafupi, ndipo madzulo ikani kansalu koyera konyika m'madzi ofunda pa zikope mutatsinzina kuti mafuta aja asungunuke. Ngati anakulemberani mankhwala odontheza m'maso musawasiye poti mwaona misozi. Koma diso likafiira kwambiri, likamatuluka mafinya kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, bwererani kuchipatala msanga, osadikira.