Kompyuta ya kuno siidziwa zimene dokotala wa ku Mchinji analemba

Mayi wina wa ku Mwami wandilembera imelo. Akuti amayi ake, omwe amamwa mankhwala a BP, anadwala ali kwa achibale ku Mchinji ndipo anagonekedwa m'chipatala komweko. Atabwerera kuno, namwino anawafunsa zonse kuyambira pachiyambi, kompyuta ili poteropo. "Nanga ntchito yake n'chiyani?" akufunsa motero.

Pepani ndi matendawo, mayi. Namwinoyo sanachite ulesi ayi. M'zipatala zambiri za boma kuno ku Zambia, mbiri ya wodwala imalembedwa mu SmartCare, pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo imene inayamba ndi thandizo la CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, makamaka potsata anthu omwa ma ARV. Kale mbiriyo inkakhala m'kompyuta ya pakiliniki ndi pa kakhadi kamene munkayenda nako. SmartCare Pro yatsopanoyi imasunga zonse pamalo amodzi kudzera pa intaneti, ndiye mbiri ya wodwala wa ku Katete itha kupezeka ku Chipata, bola netiweki ndi magetsi zikhalepo. Koma imathera pa boda. A Malawi ali ndi mapulogalamu awoawo komanso kabuku kaja ka kuchipatala.

Inu ndi achibale a ku Mchinji mumamvana chifukwa chinenero n'chimodzi. Makompyuta alibe mwayi umenewo pokhapokha anthu atagwirizana kalembedwe. N'chifukwa chake bungwe la HL7 linakonza FHIR, malamulo onena pamene dzina, mankhwala ndi zotsatira za magazi ziyenera kukhala potumiza uthenga. Matenda nawonso ali ndi manambala a WHO: mu mndandanda wawo wotchedwa ICD-10, BP yokwera yopanda chifukwa china ndi I10, kaya ndi ku Lundazi kaya ku Lilongwe.

Wogulitsa pulogalamu aliyense amati yake imamva FHIR. Ine sindikhulupirira pakamwa pokha. Ku America, kutsatira lamulo la HITECH la 2009, zipatala zinkalandira ndalama za boma zolimbikitsira kusunga mbiri ya odwala m'makompyuta pokhapokha pulogalamu yawo itayesedwa n'kupatsidwa setifiketi.

Ndiye pali nkhani ya chinsinsi. Lamulo la Zambia loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2021, sililola kuti mbiri ya matenda a munthu izingotumizidwa kunja kwa dziko mwachisawawa, ndipo apa ndiye ndikugwirizana nayo.

Pakadali pano, kabuku ka ku Mchinji kaja musakataye. Jambulani masamba ake pa foni, makamaka pamene pali dzina la mankhwala ndi mamiligiramu ake, ndipo mukapita ku sikelo ya BP mupemphe namwino azilowetse mu SmartCare.