Glenfiddich ndi Drambuie: ndizimwe bwanji?

Funso: Mwana wanga wandigulira mabotolo awiri pa tsiku langa lobadwa, Glenfiddich ya zaka 12 ndi Drambuie. Mnzanga akuti zonsezi ndi wisiki basi, ndingothiramo chakumwa cha shuga n'kumamwa. Kodi n'zoona? Nanga Glenfiddich ndikaisunga zaka zina khumi, idzakoma koposa? Ndine bambo wowerenga magazini ino nthawi zonse.

Yankho: Bambo, musathire kaye kanthu. Mabotolo awiriwo ndi pachibale ndithu, koma mamwedwe ake ndi osiyana.

Glenfiddich ndi single malt. Dzinali limatanthauza kuti mowawo waphikidwa ndi chimera cha barele chokha, ndipo watchezedwa pa fakitale imodzi m'miphika ya mkuwa. Lamulo la ku Scotland limati ukhale m'migolo ya mtengo wa oki zaka zosachepera zitatu, mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Nambala 12 ili pabotolopo ndi zaka za mowa wocheperapo msinkhu mwa wonse umene uli mmenemo. Ndiye taganizani, chinthu chadikira zaka zonsezo kuti chitenge fungo la mtengo, inu n'kuchikwirira ndi shuga. Ine zimandipweteka mtima.

Thirani pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa. Inunkhizeni kaye, pakamwa panu pali potsegula pang'ono kuti ukali usakuwaweni m'mphuno. Mudzamva kafungo ka mapeyala ndi maapulo. Lawani, musameze msanga. Kenako dontheziranimo madzi, madontho atatu kapena anayi, mulawenso. Nthawi yoyamba imene ndinachita zimenezi ndinadabwa, kafungo kamene kanabisala kanatulukira poyera. Ayezi wambiri ndiye amapha fungolo.

Mwana wanuyo anasankha bwino poyambira. Wisiki wa ku Speyside, dera la ku Scotland kumene William Grant anayamba kutcheza Glenfiddich mu 1887, ndi wofatsa. Akanakugulirani Laphroaig ya pa chilumba cha Islay, yomwe chimera chake amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la zomera zowola, mwina mukanati mwamwa utsi weniweni. Ine ndimaikonda, koma inanditengera nthawi.

Drambuie ndi liqueur, wisiki wothiridwa uchi, zitsamba ndi zokometsera. Kutsekemerako kusakunamizeni, nayonso ndi 40 peresenti, choncho tsiku limene mwamwa makiyi a galimoto apumule. Imayenera mukatha kudya, pang'ono chabe pa ayezi. Mukafuna kusakaniza, muiphatikize ndi wisiki wamba wa ku Scotland (Scotch), mupeze chimene amati Rusty Nail. Glenfiddich yanuyo musaiwonongere pamenepo.

Za kusungazo, ayi bambo. Wisiki amakhwima mu mgolo, akalowa m'botolo waima. Pakatha zaka khumi adzakhalabe wa zaka 12. Botololo liziima chilili, kutali ndi dzuwa, ndipo mukalitsegula n'kufika pakati, limalizeni m'chaka chimodzi kapena ziwiri fungo lisanayambe kuzilala.