Chaka chatha 25 Disembala inali m'Baibulo eti?

Mdzukulu wanga, uthenga wako wa pa WhatsApp andiwerengera alongo ako, maso angawa atopa. Akuti Khirisimasi ino subwera kuno ku Chibavi chifukwa wafufuza wapeza kuti 25 Disembala mulibe m'Baibulo, ndi mwambo wa Aroma basi wongodyera mpunga ndi kuledzera, nde ukufunsa ngati ukulakwa kukhala konko ku Lilongwe.

Za tsikulo sindikutsutsa. Mateyu ndi Luka ndi amene analemba za kubadwa kwa Yesu, ndipo palibe anatchula tsiku kapena mwezi. Zolemba zakale zimaonetsa kuti ku Roma ankakumbukira pa 25 Disembala m'chaka cha 336, ndipo abale athu a ku Ethiopia mpaka lero amachita pa 7 Januwale. Apo wakhoza. Zakuledzerazo nazonso nzoona, pa 26 m'mawa timawaona anyamata atagona m'matope m'mbali mwa msewu, nsapato ina itasowa.

Koma amako anandiuza kuti ntchito inatha mu Okutobala. Chaka chatha unatsika basi ndi thumba la mpunga wa Kilombero, chitenje cha amako, kreti ya Fanta, ana onse akulimbirana kunyamula chikwama chako, nde ndikufunse, chaka chathacho 25 Disembala inali m'Baibulo eti?

Si mavesi akukuletsa iwe, ndi manyazi. Nthendayi njakale, tsegula Genesis 3, Adamu ataona kuti ali maliseche anasoka masamba a mkuyu nkukabisala m'mitengo, Mulungu nkumayenda m'munda muja akuitana kuti uli kuti. Tonsefe ndife ana a bambo ameneyo. Wina masamba ake ndi kachasu, wina ndi katapila wogulira suti yoti anthu kutchalitchi amuone, iwe poti unapita kusukulu masamba ako wasoka ndi mbiri ya Aroma. Ine Khirisimasi ndimaimva chonchi, Mulungu uja ankaitana m'munda sanasiye kuitana, mapeto ake anatsika yekha kudzatipeza kobisala kwathuko. Yohane 1:14 akuti Mawu anasandulika thupi, thupi lenilenitu, lomva njala ndi kuzizira, lolira usiku, lokulungidwa m'nsalu nkugonekedwa modyera ng'ombe chifukwa malo anasowa.

Pali kavesi kena abusa ambiri amangokadumpha, Luka 2:24. Atakwana masiku opita ndi mwana kukachisi ku Yerusalemu, Yosefe ndi Mariya anapereka njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Ukaona Levitiko 12 lamulo linali lakuti mayi abweretse mwana wa nkhosa, mbalame ziwirizo zinali za yemwe nkhosa yamukanika. Tangoganiza, mmisiri wa matabwa ali pamzere ndi tinjiwa take m'manja, aliyense womuona akudziwa kuti uyu m'thumba mulibemo kanthu, koma anapita ndithu, sananamizire kuti kachisi watalika. Ndipo Simeoni, nkhalamba ngati ine, sanayang'ane zoti abweretsa chani, anangolandira mwanayo m'manja mwake nkuyamba kutamanda.

Inenso ndinabisalapo, usaone imvizi. Ndili mnyamata anandichotsa ntchito pakampani ina, ndinatumiza uthenga kumudzi kuti ndadwala malungo, Khirisimasi yonse ndinadzitsekera m'kachipinda ka lendi kudya chinangwa chophika. Amayi anga anali atapha tambala wawo yekhayo, ndiye anatuma mlongo wanga wamng'ono kuyenda ulendo wonse ndi ntchafu ya nkhuku m'kambale kokulunga m'chitenje kudzaona wodwala. Anandipeza ndikuchapa malaya panja ndikuimba mluzu. Manyazi a tsiku limenelo anaposa onse amene ndinkathawa aja.

Mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo kwa iyenso iwe ndiwe mwana angachepe m'thumba. Amako sakuwerengera mpunga, chimanga chamera bwino kumunda ndipo akusowa wowathandiza kupalira, bowa ali mbwee pamsika, nkhuku ilipo. Ngati chikumbumtima chako chikukanadi za pa 25, chabwino, Paulo pa Aroma 14 ananena kale kuti tisaweruzane pa za masiku, bwera pa 23 kapena pa 28, tsikulo sankha wekha.

Ya thiransipoti alongo ako asonkha, akutumizira pa Airtel Money Lachisanu, usakanenso. Ukagule kapaketi ka shuga kamodzi ukafuna. Juzi usaiwale, pa Chikangawa chifunga chake ukuchidziwa ndipo kuno mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Ukadutsa pa Jenda uyimbe foni tiike madzi pamoto.