Masiku awiri ku Lisbon ndi amayi ovutika mawondo

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Manchester wanditumizira imelo. Akuti akufuna kukacheza ku Lisbon, likulu la Portugal, masiku awiri limodzi ndi amayi ake omwe abwera kuchokera kumudzi, koma mawondo amawavuta. Akufunsa ngati angathe kuona madera akalewo, komanso ngati n'koyenera kulipira kuti alowe m'linga la São Jorge.

Achemwali, mungathe, bola mukwere ndi galimoto, mutsike ndi mapazi. Lisbon ndi mzinda wa zitunda, ndipo alendo ambiri amayambira m'munsi, n'kufika pamwamba thukuta lili kamukamu, maso osafunanso kuona kanthu.

Tsiku loyamba tengani takisi mpaka pa Miradouro da Senhora do Monte, ku Graça. Miradouro ndi bwalo loonerapo mzinda, ndipo salipiritsa. Mukaima apa, linga lija mukuliona patsogolo panu, madenga ofiira ali m'munsimu, mtsinje wa Tejo uli tambalala, mlatho wa 25 de Abril kutali uko. Ena adzakuuzani kuti mukwere sitima yachikasu yamumsewu, nambala 28, yonyamukira pa Martim Moniz. N'zoona ndi yokongola, koma mzere wake ngwautali, mipando ndi yochepa, ndipo opisa m'matumba amaikonda ngati ntchentche pa mango. Amayi kuimirira m'menemo, ayi.

Kuchokera apo pitani ku Portas do Sol ndi ku Santa Luzia, mabwalo awiri oyandikana omwe ali pamwamba pa Alfama, dera lakale la mzindawu. Pa Santa Luzia pali mthunzi ndi pokhala. Yang'ananinso pakhoma la tchalitchi, pali matailosi abuluu ojambula bwalo lalikulu la mzindawu momwe linalili chivomezi chisanachitike. Chivomezicho chinabwera pa 1 Novembala 1755, m'mawa wa tsiku la Oyera Onse anthu ali m'matchalitchi, kenako madzi a m'nyanja ndi moto zinamaliza zotsala. Dera la m'chigwa, Baixa, analimanganso motsogozedwa ndi nduna ya mfumu, Marquês de Pombal, n'chifukwa chake misewu yake ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda. Alfama sinawonongeke kwambiri, choncho tinjira take tidakali tokhotakhota, zovala zoyanikidwa m'mazenera, agogo atakhala pakhomo. Musalowe m'masitepe ake ndi amayi. Tsatani msewu wa sitima ija potsika, ukufikitsani pa Sé, tchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1147, chaka chomwe mfumu Afonso Henriques analanda mzindawu kwa Asilamu.

Za lingalo, ine sindingalipire. Makoma ambiri amene mungaone anawakonzanso nthawi ya Salazar, yemwe ankalamulira Portugal mwankhanza, pansi pake ndi pa miyala yosalingana, ndipo chimene anthu amapitirako, kuona mzinda kuchokera pamwamba, mudzakhala mutachiona kale kwaulere.

Tsiku lachiwiri likhale la mbali inayo ya Baixa, ku Chiado. Pa Largo do Carmo pali tchalitchi chimene chivomezi chinagwetsa denga, mpaka lero chili chomwecho, mizati yokha kuloza kumwamba. Koma ine chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi nyumba ya asilikali ili pambali pake. M'menemo ndi momwe Marcelo Caetano, nduna yaikulu yomwe inalowa m'malo mwa Salazar, anabisala pa 25 Epulo 1974, asilikali ake omwe atatopa ndi nkhondo za ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau n'kumuukira, ndipo anagonja tsiku lomwelo. Chaka chotsatira, pa 25 Juni, Mozambique inalandira ufulu. Ngati amayi ali ndi abale ku Tete kapena ku Angónia, afotokozereni zimenezi ali pabwalo lomwelo. Madzulo mukathere pa São Pedro de Alcântara, dzuwa likuwala pa makoma a linga.

Musadalire tisitima tokwera zitunda musanafunse ngati tikuyenda. Ka Glória, komwe kankafikitsa anthu pa São Pedro de Alcântara, kanachita ngozi mu Seputembala 2025 n'kupha anthu 16.

Nsapato zikhale za mphira. Timiyala toyera ta m'mbali mwa misewu tinasalala chifukwa chopondedwa, ndipo ine ndinakhala pansi ndi matako, mvula itangowaza pang'ono. Ulendo wanu ukagwera Lachiwiri kapena Loweruka, onjezerani Feira da Ladra, msika wa zakale wa pa Campo de Santa Clara. Amayi akauona adzati ndi kaunjika basi, ndipo sadzakhala atanama.