Atate akana mankhwala a mtima

Azakhali, atate anga anawapeza ndi matenda a mtima. Miyendo yatupa, usiku amagona chotsamira mapilo atatu. Tsopano akungoti, "Ndisiyeni, zanga zatha." Nditani?
Wodandaula, Matero

Mwanawe, matenda a mtima kawirikawiri amabwera ndi kukhumudwa, ndipo wokhumudwa ndiye amayamba kudumpha mapiritsi. Ukawauze adokotala, nakonso kumachizika. Usawakalipire atate. Nthawi ya mankhwala khala nawo pambali, muzicheza. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi, koma muchepetse mu mphika wa banja lonse. Kambale kawokawo kamawachititsa kudziona ngati osalidwa, azibambo makamaka. Kapenta muziyamba mwamuviika m'madzi kuti mchere uchepe. Atate akayamba kubanika ali chikhalire, musadikire kuche, thamangirani nawo ku chipatala chachikulu cha UTH.