Bwana wothokoza sakhala wofooka

Achimwene mwafunsa ngati bwana akamathokoza antchito ake samaoneka wofooka. Ayi ndithu, ndaziona ndi maso angawa. Ndinagwirapo ntchito ndi bwana wina, ukachita bwino iye phee, ukalakwitsa pang'ono pokha ndiye kukalipa, mapeto ake tonse tinayamba kubisa zolakwa komanso ku miting'i palibe ankabweretsa maganizo atsopano. Amene anabwera pambuyo pake ankatchula chenichenicho, "zikomo potsalira usiku uja kumaliza lipoti", ndipo tinkadzipereka tokha osachita kukankhidwa.

Nanunso eni ake zimakuthandizani. Mu 2003 akatswiri a zamaganizo Robert Emmons ndi Michael McCullough anapeza kuti anthu olemba zinthu zisanu zoyamikira sabata iliyonse ankakhutira ndi moyo wawo kuposa olemba zowasowetsa mtendere. Ine ndimalemba zanga usiku ndisanagone, mtima umakhala m'malo.