Ndawala idikire kaye, yambani ndi amfumu komanso amene akugona ndi agogo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati agogo anu aakazi anapezeka m'bandakucha ataima pakhomo pa eni, mudzi wachiwiri kuchokera kwanu cha ku Namwera, atangofunda chitenje, ndipo anthu anawazinga kuti agwa pa lichero. Kuchipatala akuti ndi dementia, matenda a ubongo oiwalitsa munthu. Inu muli ku Joni, mtima ukuwawa, mukufuna kuyambitsa gulu lodziwitsa anthu za matendawa, kuyenda ulendo wa ndawala ndi kutolera ndalama, koma simukudziwa poyambira. Ndilemba zambiri, mundipirire. Ine ndinasamala bambo anga ndi matenda omwewa zaka 6 ku Malindi, mpaka tsiku limene tinakawaika m'manda.

Choopsa mwezi uno ndi anthu amene anawazinga aja, chifukwa agogo adzatulukanso usiku. Adzatulukanso ndithu, ngakhale muwakalipire bwanji. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi mtsikana atafa ndi mphenzi. Ndiye musanaganize za ndawala, muwaimbire amalume anu, mwinimbumba, atenge kabuku ka kuchipatala ka agogo apite nako kwa amfumu a kwanu komanso kwa amfumu a kumene agogo anapezeka. Ngati adokotala sanalembemo dzina la matendawa momveka, abwerere akawapemphe kuti alembe ndi kudinda. Kabuku kotere kanatipulumutsa ife. Amfumu athu sankadziwa kuwerenga zolemba za adokotala, koma ataona chidindo, n'kumva mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu akufotokoza pabwalo, analengeza kuti aliyense wopeza bambo anga akuyenda usiku awaperekeze kunyumba.

Amfumu muwakumbutse mwaulemu kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chaka cha 2024 aphungu anavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Wina akaopseza agogo, nkhaniyo ikafike kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ozunzidwa. Bungwe la MANEPO, lomwe limasonkhanitsa mabungwe oona za achikulire, lakhala likudzudzula kuphedwa kwa agogo chifukwa cha mphekesera za ufiti kwa zaka zambiri, ndipo ndi bwino kuti amve nkhani ngati yanuyi.

Pali china chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo n'chimene chimaphetsa. Munthu wodwala matendawa akazingidwa, anthu n'kumamukuwira kuti "ulula, umatamba?", amatha kuvomera. Amavomera chifukwa chosokonezeka ndi mantha, funso lomwelo sakulimvetsa. Bambo anga tsiku lina anavomera kuti anaba mbuzi ya aneba, pomwe mbuziyo inali ikudya kuseri kwa nyumba. Anthu akati "avomera okha", muwauze zimenezi.

Vuto lina ndi dzina. Mukati dementia, anthu amangogwedeza mutu. Mukati misala, ayamba kuwaseka kapena kuwamanga. Mukati ndi ukalamba basi, palibe amene aganize zopita nawo kuchipatala, chonsecho agogo ambiri amafika zaka 90 mutu uli bwinobwino. Ife tinkati matenda oiwalaiwala, ndipo tinkafotokoza kuti ndi ubongo umene ukuwonongeka pang'onopang'ono, monga mmene mtima kapena impso zimadwalira. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906, ndipo bungwe la WHO limati mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala a mtundu umenewu. Umayamba kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, zakale n'kutsalira. Kwa anthu a kunyanja ndinkanena chonchi: za lero zili ngati zolemba pamchenga, funde likabwera zafufutika, koma za paunyamata zili ngati zogoba pabwato. Asodzi ankamva msanga.

Bambo anga ankadzuka 3 koloko usiku kufunafuna ukonde umene anagulitsa ine ndili pasukulu. Ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Ankaswali, n'kudzukanso kukatawadza kuti aswali swala yomweyo. Atangomaliza kudya nsima ya utaka ankauza alendo kuti sitinawapatse chakudya chichokere dzulo, ndipo alendowo ankandiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa. Agogo anu sanapite pakhomo paja mwangozi ayi. Mufunse akuluakulu, mwina mupeza kuti kumeneko n'kumene anakulira, kapena kunali munda wawo, kapena njira ya kuchitsime chakale. Amakhala akupita kwawo, kwawo kwa zaka 60 zapitazo. Nkhani imeneyi mukaipeza, ndi imene ingasinthe mitima pabwalo kuposa chiwerengero chilichonse.

Ziwerengerozo zilipo ngati muzifuna pa wailesi. Padziko lonse odwala matendawa ndi opitirira 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Si matenda a azungu monga ena amanenera.

Za kuchipatala ndinene mwachidule. Abale apemphe kuonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo pachipatala chachikulu pa boma, ndipo agogo ayezedwe BP, shuga, magazi ndi mkodzo. Pali kusokonezeka kumene kumabwera mwadzidzidzi, masiku awiri atatu, chifukwa cha malungo, matenda a m'njira ya mkodzo kapena kutsika kwa shuga, ndipo kumeneko kumachizika. HIV, chindoko chokhalitsa, kachasu wa zaka zambiri ndi matenda okhumudwa nazonso zimasokoneza mutu. Mtundu wina wa dementia umabwera chifukwa cha BP ndi sitiroko, ndiye kumwa mankhwala a BP mosadumphitsa kumathandiza kuti zisaipe msanga. Koma wa Alzheimer alibe mankhwala ochiziratu. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi botolo lochiza, kaya wa zitsamba kaya wa pa WhatsApp, akufuna ma randi anuwo. Ife tinagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha bodza limeneli. Ndipo musalole maganizo oti akangowasiya ku Zomba Mental. Malo achilendo amawasokoneza koposa, ndipo adzabwerabe kunyumba.

Tsopano za ndalama, pomwe pagona funso lanu.

Dzifunseni kaye kuti ndalamayo ikagula chiyani. Ine ndikuuzeni zimene zinkandidyera ndalama: sopo, chifukwa ndinkachapa zofunda tsiku lililonse, pepala la pulasitiki loyala pamatiresi, matewera a akuluakulu pamene zinafika poipa, nyali ya sola yoyaka usiku wonse, poti mdima unkawachititsa kuona anthu pakhoma, kabelu ka pachitseko koti ndimve akamatuluka, ndi kabaza wopita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Koma chodula koposa zonse chinali ine mwini. Ndinali ndi geni yanga ya usipa, ndinkapikula kunyanja kukagulitsa pamsika pa boma. Inafa. Wodwala wotere sungamusiye yekha ngakhale kuti ukatunge madzi. Achimwene anga a ku Joni ankatumiza ndalama yolembedwa kuti "ya chakudya cha bambo", ndipo ndinkawerengetsedwa mpaka tambala. Palibe anafunsa kuti ine ndagona maola angati sabata imeneyo. Tsiku lina ndinawakalipira bambo anga mpaka analira ngati mwana. Sindinadziwe kuti ndingafike pamenepo, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimasowa mtendere.

Choncho ndalama yoyamba imene gulu lanu litolere, ilipire munthu wodalirika woti azikhala ndi wodwala masiku awiri pa sabata, kuti wosamalayo apume, apite kumunda, kumsika, kumzikiti kapena kutchalitchi. Nthawi zambiri wosamalayo amakhala mzimayi, kapena mdzukulu wamkazi amene wasiyira sukulu panjira. Wodwala wozunzidwa nthawi zambiri amazunzidwa ndi munthu womukonda amene watopa.

Ulendo wa ndawala sindikuukana, koma walira mvula walira matope. Pafunika kudziwitsa a DC ndi apolisi, kusindikiza malaya, kubwereka zokuzira mawu, madzi akumwa, mafuta a galimoto, ndiye alendo olemekezeka amayembekezera kangachepe. Ndinaonapo ndawala ina, ya nkhani ina, imene anthu anayenda kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka pabwalo la mpira dzuwa la kuno likuswa mtengo, ndipo atawerengera anapeza kuti zolowa ndi zotuluka zangofanana. Zithunzi zinali zokongola pa Facebook. Ngati mukuifunabe, ikonzereni 21 Seputembala, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse, ndipo ikhale yodziwitsa anthu, osati yodalira kuti ibweretse ndalama. Malaya apereke wamalonda wina mwaulere, apo ayi aliyense avale zake.

Kudziwitsa kotsika mtengo kulipo kale. Shehe akalankhula mphindi zisanu pambuyo pa swala ya Ijumaa, abusa ndi ansembe akanena Lamulungu, uthenga wafika midzi khumi popanda kutulutsa kwacha. Mawailesi monga Radio Maria ndi Dzimwe ali konkuno ku Mangochi ndipo amamveka m'midzi. Mupemphe nthawi, mupite ndi wachipatala mmodzi ndi wosamala mmodzi wolimba mtima. Ndipo ku Namwera, ku Katuli, ku Makanjira, mulankhule Chiyao. Agogo ambiri matendawa akakula amabwerera ku chilankhulo chimene anayamwira, ndipo amene mukufuna kuwatembenuza mitima nawonso amakangana ndi kugwirizana m'Chiyao. Musaiwale anyamata a kabaza ndi alonda a usiku. Amenewo ndiwo amakumana ndi agogo osochera anthu ena onse ali mtulo.

Poyendetsa ndalama, yambani ngati banki m'khonde, anthu ochepa odziwana, aliyense kuponya kangachepe mwezi ndi mwezi. Inu a ku Joni mulipo ambiri ochokera dera limodzi, ndipo ndikutsimikiza kuti mukafunsa mupeza ena amene makolo awo ali chimodzimodzi koma akubisa. Msungichuma asakhale m'bale wa wodwala aliyense. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi yodziwika, ndipo kutha kwa mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zilembedwe poyera, ngakhale itakhala ndalama ya sopo mmodzi. Magulu ambiri amafa mwezi wachitatu, wina akangofunsa kuti "ndalama zija zili pati?" n'kusowa yankho. Mukaona kuti mwakhazikika, kalembetseni ngati gulu la m'dera ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Komweko mukafunsenso za Mtukula Pakhomo, chifukwa ndondomekoyi inapangidwira mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ngakhale kulowamo sikuti ndi lero ndi lero.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: musaike pa intaneti zithunzi kapena kanema wa agogo ali osavala, akulira, kapena akuyankhula zosokonekera, ngakhale mutadziwa kuti zingabweretse ndalama msanga. Iwo sangathe kukana, ndiye inu mukane m'malo mwawo. Ngati wina anajambula tsiku lija anawazinga, amalume akamupemphe afufute. Chithunzi choika ndi cha agogo atatchena pa Idi kapena paukwati, ndipo nkhani yake inene kuti analera ana angati, ankalima chiyani.

Pena ndimaganiza za sadaka imene tinachita bambo atamwalira. Mpunga matumba, mbuzi, anthu odzaza bwalo, abale ochokera ku Blantyre ndi ku Joni amene sanapondepo pakhomo zaka 6 zonse zija. Sindikunyoza mwambo, ndinaphika nawo ndi mtima umodzi. Koma theka la ndalama imeneyo likanabwera iwo ali moyo, ndikanagona tulo, ndipo bambo akanakhala ndi mwana wosakwiya. Mukamakayankhula ndi mashehe ndi abusa, nkhani imeneyi muitchule mofatsa, iwo adziwa mmene angaifikitsire kwa anthu.

Pakali pano, abale asoke kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni m'mphepete mwa zitenje za agogo ndi pa mpango wawo. Masana aziyenda nawo ndi kuwapatsa kantchito kamene manja awo akukadziwa, kusenda mtedza, kutola miyala mu mpunga, kuti usiku azigona. Akanena kuti akufuna kupita kwa amayi awo, asawauze kuti amayiwo anamwalira, chifukwa amalira maliro atsopano nthawi iliyonse. Ine ndinkangoti "tipita mawa, bambo, mwera wakula lero", n'kuwapatsa tiyi.

Kansalu kaja kanagwira ntchito kwa ife kawiri. Ulendo wachiwiri anali mnyamata wa kabaza amene anawapeza bambo pamsewu wopita ku boma dzuwa lisanatuluke, atanyamula nkhafi paphewa. Anawakweza, n'kuwabweretsa, ndalama anakana.

M'funso lanu simunatchule amene akugona ndi agogo m'nyumba. Ndi ndani, achimwene? Muwaimbire madzulo ano, muwafunse za iwo eni kaye musanafunse za agogo. Akalola, mundilembere ku inbox kuti ndiyankhule nawo.